Madzi a kwa Dibi

Chimene chinandidzutsa m'mawa wa tsiku loika maliro a achemwali anga sichinali nyimbo. Nyimbo zinali zitazilala kale, amayi oimba m'nyumba mawu atawathera. Chinandidzutsa ndi chigubu chomenya madzi pansi pa chitsime, kenako chingwe kukhula pa njerwa pochikoka. Kunali kusanayere. Ndinali nditagona chokhala pa benchi yobwereka kutchalitchi, jekete nditafunda kumutu, ndipo moto umene amuna tinachezera kuwotha unali utasanduka phulusa ndi zitsa ziwiri zofuka. Mwezi wa Juni ku Chinsapo kuno suseka ndi munthu.

Azimayi anali atayamba kutunga madzi ophikira anthu. Mpopi wa pa kiyosiki unali utauma masiku atatu, monga umachitira ukamva kuti penapake pagwa zovuta. Zikatero chitsime cha pakhomo pathu n'chimene chimapulumutsa mzere wonse wa nyumba za kuno kwa Dibi, ndipo sindinaletsepo munthu kutunga. Anachikumba malemu abambo athu ndi manja awo, ife tili ana. Tsiku lina lililonse phokoso la chigubucho likanandinyaditsa. M'mawa umenewo silinandinyaditse, chifukwa chitsime chimenechi n'chimene tinayambanira ine ndi achemwali, ndipo anamwalira tisanagwirizane.

Tinabadwa awiri, iwo oyamba. Dzina lawo anali a Enelesi. Amuna awo anatsogola kale, ana analibe, ndipo ankachita lendi ku Area 25 uku akugwira ntchito mu laibulale ya yunivesite ina mumzinda muno. Ine ndimawotcherera mageti ndi mafelemu ku Biwi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo sindibisa kuti madigiri awo awiri ankandiyabwa. Ndinkawaseka kuti anzawo amapita ku yunivesite kuti akakhale madokotala, iwo anapita kuti azikapukuta fumbi pa mabuku a madokotalawo. Ankangoseka. Nawonso anali ndi funso lawo lotopetsa. Ukanena kuti chimanga chikwera mtengo, kapena kuti uje wathawa mkazi, ankafunsa kuti, "Wazitenga kuti?" Ukati anthu akunena, ankafuna kudziwa anthu ake. Nkhani yokoma inkafera m'kamwa.

Mwezi ndi theka asanamwalire anabwera Loweruka masana ndi envelopu ya khaki ndi botolo lawolawo la madzi. Anati gulu la akatswiri limene ankagwira nalo ntchito linayeza madzi a zitsime za dera lathu. Ndinakumbukira anthu ena amene anabwera ndi timabotolo chaka chatha, ine n'kuwalola poganiza kuti atipatsa mjigo. Achemwali anati madzi athu apezeka ndi poizoni, osati wopha lero kapena mawa, koma wodya munthu pang'onopang'ono. Anati kuphitsa sikuthandiza, kolorini sathandizanso. Eni zitsime zoipazo ankalandira makalata, koma yanga anapempha kuti abweretse okha.

Ine ndinamva chinthu chimodzi chokha, chakuti madzi a abambo athu ndi onyansa. Ndinayang'ana botolo lija ndipo mtima unandikwera. Ndinawauza kuti madzi omwewa ndiwo anawakulitsa mpaka kukafika ku Area 25 kumene anaphunzira kunyansidwa. Ndinawafunsa ngati ali dokotala. Ndinamaliza ndi mawu amene ndidzalowa nawo m'manda: "Inu ntchito yanu ndi kuletsa ana phokoso mu laibulale. Za madzi asiyireni eni ake." Anaika envelopu pa tebulo, anatsanzika mkazi wanga ndi ana, n'kupita kukakwera minibasi. Envelopuyo ndinaiponya pamwamba pa kabati osaitsegula, ndipo mkazi wanga ndinamuletsa kuuza aneba. Patapita masiku ndinaona kuti mkaziyo wayamba kusunga zigubu za madzi a pa kiyosiki kuchipinda, zoti ana athu azimwa. Ndinachita ngati sindikuona. Achemwali anaimba foni kangapo, ine osayankha. Foni imene ndinayankha inali ya munthu wa kuntchito kwawo, wondiuza kuti agwa pa desiki ndipo athamangira nawo kuchipatala. Sanadzukenso.

Kutayamba kuyera, adzukulu anatenga makasu ndi mapiki n'kulowera kumanda. Masamba amene tinaika pamsewu dzulo lake anali atafota, wina anakathyola ena. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali atayalidwa mzere, utsi wa nkhuni zaziwisi ukukwawa pansi chifukwa cha kuzizira, amayi akusankha nyemba ndi kudula kabichi m'mabeseni. Ndowa zinkachoka pachitsime zodzaza, n'kubwerera zopanda kanthu. Ndinasamba kumaso ndi madzi omwewo. Anali ozizira ndi oyera mbee, monga akhalira moyo wanga wonse.

Amalume, mlongo wa malemu amayi athu, anali atabwera kuchokera kumudzi kumene anasamukira tauni itameza mudzi wakale wa pano. Ndi okalamba ndipo maso anawafooka. Anandiitana n'kundipatsa pepala long'ambidwa mu kope, limene analembetsa kwa mkulu wa mpingo. Anati mbiri ya malemu ndiwerenga ndine, popeza ndine ndatsala. Ndinaliwerenga chamumtima. Kubadwa, ubatizo, sukulu, ukwati, kudwala. Za ntchito panali mzere umodzi: ankagwira ntchito yosunga mabuku ku yunivesite. Sindinaone cholakwika. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba la malaya.

Pofika cha m'ma naini dzuwa linali litatuluka koma losafunda, kamphepo kakuulutsa fumbi ndi mapepala a pulasitiki. Anthu anayamba kusefukira. Amayi a mpingo ovala zoyera anafika pamzere akuimba, n'kulowa m'nyumba momwe munali bokosi, ndipo kulira kumene kunali kutagona kunadzukanso. Anzanga a ku Biwi anabwera atasamba mpaka sindinawazindikire, manja okha ndiwo anawaulula. Panali amayi a ku Area 25 amene ankakhala mpanda umodzi ndi malemu, panali ophunzira ambiri amene sindinayembekeze, panalinso aja amene safunsa kuti wamwalira ndani. Mabenchi anatha. Amuna anakhala pa njerwa za mneba, amayi anayala zitenje m'mbali mwa mpanda.

Basi ya ku yunivesite inalephera kukhota pa kanjira kathu, inaima kumsewu, anthu ake n'kutsika wapansi. Ndinawalandira ndi kuwapatsa mipando ya pulasitiki pansi pa tenti. Pakati pawo panali atatu amene anakhala pamodzi: mayi wamfupi wa imvi, bambo wamtali amene anavala suti koma nsapato zake zinali za kutchire, ndi mayi wina wa magalasi amene ankangolira mwakachetechete. Atsikana anawabweretsera thobwa m'makapu. Ndinkawayang'ana, chifukwa munthu wa mlandu maso ake sakhala pamodzi. Onse atatu analandira ndi manja awiri, anathokoza, koma palibe anafikitsa kapu pakamwa. Bambo wamtali uja anadikira kanthawi, kenako anathira lake pang'onopang'ono m'tsinde la mpanda. Mkwiyo womwe uja wa botolo unandibwerera, pa maliro penipeni, bokosi lili m'nyumba.

Mayi wa imvi uja ndiye ananyamuka n'kundipeza. Anati ndi dokotala, ndipo ndiye ankatsogolera gulu limene achemwali ankagwira nalo ntchito. Anapepesa, kenako anapempha kuti tilankhule pambali. Tinaima kuseri kwa tenti, pamene chitsime chinkaonekera bwinobwino, mayi wina atawerama akukoka chingwe.

"Chitsime chake n'chimenechi, bambo?"

Ndinati n'chomwecho.

"Anatiuza kuti tiwapatse nthawi," anatero. "Anati mchimwene wanga ndi wouma mutu, koma si woipa."

Ndinafuna nthaka itang'ambika. Koma kuuma mutu kuja sikunandithere, ndiye ndinafunsa funso limene linkandivuta. Ndinati, pepani adokotala, inu ndikumvetsa, akatswiri anzanuwo ndikumvetsa, nanga munthu wa mu laibulale pa nkhani ya madzi amalowapo bwanji?

Sanakwiye. Anandifotokozera modekha ngati akuuza wodwala za mankhwala. Anati pa gulu lawo aliyense ali ndi mbali yake. Iye amaona matupi a anthu. Bambo wamtali uja amadziwa nthaka ndi miyala. Mayi wa magalasi ntchito yake ndi manambala. Palinso wina amene amayenda m'makomo kufunsa mmene anthu amakhalira. Aliyense amadziwa mabuku a ntchito yake yokha, ndipo chinthu chimodzi chomwecho aliyense amachitchula dzina lake, moti nthawi zina amakangana tsiku lonse asanazindikire kuti akunena zofanana. Achemwali ankakhala pa msonkhano uliwonse kumapeto kwa tebulo ndi kope lawo. Ankamvetsera funso la aliyense, n'kupita kukasaka zonse zimene zinalembedwapo, kuno ndi kunja, pa kompyuta ndi m'mashelefu, pogwiritsa ntchito mayina onse aja. Ankapeta zodalirika kuchotsa mankhusu. Ankalembanso njira imene adutsa, kuti wina akafuna kutsimikiza aponde momwemo. Dokotalayo anati ngakhale iye, ndi imvi zakezo, sankaloledwa kulemba chiganizo mu lipoti asanayankhe kuti wazitenga kuti. Apo ndinatsala pang'ono kuseka, misozi ili m'maso.

Anati poizoni anamupeza okha poyeza, koma gwero lake linawazunguza mutu. Iye anafufuza za matenda, osapeza. Wa nthaka anati miyala ya kuno sibala poizoni wa mtundu umenewo. Wa manambala anaonetsa kuti zitsime zoipazo zandondozana kutsikira kudambo, koma manambala sanena chifukwa. Tsiku lina mapu ali pakhoma, wina anawerenga mokweza dzina la dera lathu, kwa Dibi. Achemwali anasiya kulemba. Anapempha milungu iwiri. Anasaka zolembedwa za maiko ena n'kupeza kuti kumene kale ankasambitsa ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa, mankhwala a nthawi imeneyo anatsalira m'nthaka ndipo satha. Kenako anakwera basi ya ku Zomba kukafukula mafaelo akale a za ziweto, ndipo anabwerako ndi chithunzi cha mapu ojambula pamanja. Akatswiriwo atakumba pamene mapuwo analoza, kumtunda kwa nyumba zathu, anapeza khoma la simenti la dzenje losambitsira ng'ombe.

"Pagulu pathu panalibe wa ziweto," anatero dokotalayo. "Palibe mmodzi wa ife amene akanaganiza zokasaka m'mabuku a ng'ombe."

Ine ndinakula ndikudziwa kuti Dibi anali munthu. Aliyense kuno amadziwa choncho. Ena amati anali mwini golosale yoyamba, ena amati anali kapitawo wa pamsewu. Makondakitala amakuwa kuti kwa Dibi, ndipo Chichewa sichinama: kwa ndi kwa munthu. Ndinafunsa dokotala za chakudya chimene chinali pamoto. Anati ndisataye, tsiku limodzi silivulaza munthu. Vuto ndi ana amene amamwa m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka. Anati msonkhano wa dera lonse akuukonza, koma mwini chitsime akanena yekha anthu amamva msanga. Anandigwira pa mkono n'kubwerera pa mpando wake.

Ndinapita kwa amalume. Anali atakhala padzuwa, ndodo pakati pa miyendo. Ndinagwada pafupi n'kuwafunsa kuti a Dibi anali yani.

"A Dibi ati?"

"Amene anatchulitsa dera linoli."

Anandiyang'ana ngati ndamwa. "Ku dibi, iwe. Kosambitsa ng'ombe. Ine ndemwe ndinkakusira ng'ombe za agogo ako kumeneko, paja pali nyumba ya malata ofiira paja. Zinkalumphira m'madzi, zikatuluka madziwo n'kumayenderera kutsetserekera konkuno." Analoza ndi ndodo, ndipo ndodoyo inathera pa chitsime. Ndinawafunsa chifukwa chake sananenepo. Anati palibe anawafunsa, kupatula Enelesi amene anawaimbira foni nthawi ya dzinja, n'kuwafunsa mafunso mpaka khutu linawatentha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya langa, ndipo ndinadyetsako ana a anthu.

Kuyambira pamenepo mpaka nthawi ya mwambo sindikumbukira bwino amene ndinawapatsa moni. Ndinkangoona ana. Pali mayi wina wa nyumba yachitatu kuchokera pathu, amene ali ndi mapasa a zaka zinayi, ndipo amatunga pathu kuyambira ali ndi pathupi. M'mawa umenewo ndiye ankatsogolera zophika, maso atafiira ndi utsi, akugwirira ntchito maliro a mlongo wanga. Mapasa ake ankathamangitsana pafupi ndi mafuwa, mmodzi atanyamula kapu. Ndinayamba kudzipangira njira zothawira. Ndikanatha kutseka chitsime mawa lake n'kunena kuti chagumuka. Ndikanatha kudikira msonkhano wa a yunivesite n'kudabwa limodzi ndi anzanga. Palibe akanadziwa za envelopu, kupatula mkazi wanga ndi munthu amene anali m'bokosi. Kunena zoona, njira zimenezi zinkandikomera kwambiri.

Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Anthu anadya mofulumira. Bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pa mipando iwiri pabwalo, ndipo tinayamba kuona nkhope, achibale poyamba. Achemwali anaoneka ngati munthu amene akumvetsera. Pamphuno panali timabala tiwiri ta magalasi amene anavala zaka zambiri. Ndinaima nthawi yaitali mpaka mkulu wa mpingo anandikhudza pa phewa.

Analankhula a mfumu a dera, mwachidule. Analankhula woimira yunivesite, mawu aulemu, ena mu Chingerezi. Kenako woyendetsa mwambo anaitana mbiri ya malemu. Ndinaima pafupi ndi bokosi, mphepo ikufuna kundilanda pepala. Ndinawerenga kubadwa, ubatizo, sukulu, ukwati. Nditafika pa mzere wa ntchito, ndinalekeza. Ndinaona mawu aja, yosunga mabuku, ndipo ndinamva ngati ndikuwatukwananso kachiwiri, ulendo uno pamaso pa anthu, iwo atagona osatha kuyankha. Ndinatsitsa pepala.

"Apa palembedwa kuti ankasunga mabuku," ndinatero. "Inenso ndinkadziwa choncho mpaka lero m'mawa. Achemwali ntchito yawo inali yosakira akatswiri zimene akatswiriwo sakanapeza okha. Ndiwo anapeza kuti Dibi sanali munthu. Linali dzenje losambitsira ng'ombe, ndipo mankhwala ake ali m'madzi a chitsime chathuchi. Anabwera kudzandiuza. Ine ndinawanyoza, kalata yawo ndinaibisa, ndipo inu aneba anga sindinakuuzeni. Mwezi ndi theka mwakhala mukumwa, ine ndikudziwa. Chakudya cha lero adokotala akuti musade nacho nkhawa. Koma kuyambira lero pachitsimepo pasatungidwenso."

Pa maliro sipakhala phokoso, koma pali kachetechete wa mitundu iwiri, ndipo amene anagwa pamenepo anali wolemera uja. Kenako kung'ung'udza kunayamba kumbali ya amayi n'kuyenda ngati moto wa m'munsi mwa udzu. Mkulu wa mpingo anandiyang'ana ndi diso lakuti mbiri siwerengedwa chonchi. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje. Amalume okha ndiwo anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinakwezanso pepala n'kumaliza za kudwala ndi kumwalira monga zinalembedwera. Abusa anali munthu wanzeru, anayambitsa nyimbo msanga.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Kwaya inatsogola, bokosi pa lole ya mnzanga wa ku Biwi, amayi ovala zoyera atalizungulira, ife pambuyo wapansi. Mphepo inali itakula ndipo fumbi linkalowa m'maso ndi m'mano. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anatsitsa mawailesi. A kabaza anatsika pa njinga n'kuima mpaka titadutsa. Pa siteji, kondakitala wina amene ankaitanira anthu anasiya dzina lija lili pakati, n'kuvula chipewa. Tinadutsa pa nyumba ya malata ofiira, ndipo ndinaona anthu angapo a mu mzere wathu akutembenuka kuiyang'ana. Palibe anayenda pafupi nane kupatula bambo wamtali wa nsapato za kutchire.

Kumanda dothi linali lofiira ndi louma, adzukulu ali mbuu thupi lonse. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, abusa anawerenga mawu, ndipo dothi loyamba litagunda pa thabwa ndinalira mokweza, osasamala kuti ndine mwamuna ndipo a ku Biwi akundiona. Ndinalira achemwali, ndinaliranso mafoni aja amene sindinayankhe. Makasu anasinthana manja mpaka mtumbira unakwera. Nkhata anayamba amalume, kenako ine ndi mkazi wanga. Itafika nthawi ya a kuntchito, woyendetsa mwambo anaitana mkulu mmodzi, koma ananyamuka anayi: dokotala, wa nthaka, wa manambala ndi wa m'makomo uja. Anagwira nkhata imodzi onse, aliyense mbali yake, n'kuyenda mopanikizana pakati pa manda. Anthu ena anaona ngati sadziwa mwambo. Ine ndinamvetsa.

Pobwerera pakhomo panali mabeseni a madzi osamba m'manja, monga mwa nthawi zonse. Anthu anaima mozengereza mpaka mkazi wanga ananena kuti ndi a m'zigubu za kuchipinda, a pa kiyosiki. Mawu amenewo anamva mayi wa mapasa uja. Anali akutsuka miphika ndi mchenga. Anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, n'kubwera pamene ndinali.

"Bambo a Chikondi, ndiye kuti ana anu amamwa a pa kiyosiki?"

Ndinati inde.

"Kuyambira liti?"

Ndinamuuza. Anandiyang'ana, osatukwana, osalira. Ndikanakonda akananditukwana. Anamaliza kutsuka miphika yonse chifukwa ntchito ya maliro sisiyidwa pakati, anatenga ndowa yake yopanda kanthu, anagwira ana ake wina uku wina uku, n'kutuluka osatsanzika. Dokotala anamutsatira mpaka kumsewu ndipo ndinawaona akulankhula nthawi yaitali, dokotalayo akulemba m'kope.

Basi ya ku yunivesite inapita. Anyamata a kutchalitchi anagwetsa tenti ndi kusenza mabenchi. Masamba anachotsedwa pamsewu, njinga zamoto zinayambanso kudutsa mothamanga. Dzuwa lisanalowe ndinatenga chitseko chachitsulo chimene ndinawotcherera kuti ndidzaike pa bafa, n'kuchigoneka pakamwa pa chitsime. Ndinasanjikapo miyala ya mafuwa, ikadali yofunda. Chingwe ndinachimasula pa mtengo umene abambo anazika. Mfundo yake inali yolimba moti ndinachita kudula ndi mpeni, ndipo ndinawapepesa mumtima.

Madzulo m'nyumba munali zii. Mipando inali ikadali panja, pansi pali mikeka imene amayi anachezerapo, fungo la makandulo ndi maluwa likadalipo. Amalume anali atagona, ana atapita ndi abale a mkazi wanga. Mkazi wanga anakhala pakhomo la kuchipinda atatambasula miyendo. Ndinakwera pa mpando n'kupapasa pamwamba pa kabati. Envelopu inali pomwepo, itachita fumbi. Ndinaipukuta ndi malaya.

Munali mapepala atatu. Loyamba linali kalata ya Chingerezi ya chidindo. Lachiwiri linali mapu aja, ojambula pamanja, dzenje atalilemba ndi kamtanda. Lachitatu achemwali analemba okha ndi bolopeni, m'Chichewa, kuti ndisavutike. Pamwamba anati, "Limbani, ndikudziwa undifunsa kuti ndazitenga kuti. Nazi." Sindikanawafunsa, koma iwo ankaganiza kuti aliyense ali ngati iwo. M'munsi anandandalika ndi manambala: zimene anayeza a nthaka, zolemba za kunja, faelo ya ku Zomba ndi nambala yake, amalume pa foni ndi tsiku lake. Mzere wotsiriza unali wautali kuposa ina.

"Abambo, pakhonde lathu, akusoka nsapato, ine ndili Sitandade 4. Ankati ku dibi. Ife tinkawaseka kuti sadziwa kulankhula, n'kumawakonza kuti kwa Dibi. Gwero loyamba ndi iwowa. Pakanapanda iwo sindikanadziwa poyambira."

Ndinawerenga kawiri. Ndinapatsa mkazi wanga, naye anawerenga n'kundibwezera. Kunja kunali kutada, ndipo ndinamva mapazi a munthu akubwera ndi ndowa, chogwirira chake chikulira. Mapaziwo anafika pachitsime n'kuima. Anaima kanthawi, kenako anabwerera.